Mmene Matebulo a Malonda Anaphunzirira Kuyankha Mafunso

Chiyambire 1494, pamene Luca Pacioli anasindikiza ku Venice buku lofotokoza mmene amalonda a kumeneko ankalembera zolowa ndi zotuluka, mlembi wa chuma wakhala munthu wolemekezeka. Komatu kaundula wake anali ndi chilema chimene sichinkaoneka ngati chilema, pakuti aliyense anabadwa n'kuchipeza: ankayankha funso lokhalo limene anamulembera. Mwini malonda akafuna kudziwa zogulitsidwa m'chigawo chimodzi, kenaka mumzinda umodzi wa m'chigawomo, kenakanso m'sitolo imodzi ya mumzindamo, mlembi ankatola manambala tsamba ndi tsamba n'kuwonkhetsa mwatsopano, ndipo nthawi zina yankho linkafika mwini funso ataiwala chimene anafunsira.

Amene anamasula goli limeneli sanali wamalonda ayi, koma Herman Hollerith, amene makina ake anagwira ntchito pa kalembera wa anthu wa ku America mu 1890. Munthu aliyense anali ndi khadi lake loboola, ndipo popeza khadi silisokedwa m'buku, linkatha kuikidwa pa mulu uwu lero, pa mulu wina mawa, monga mwa funso la tsikulo. Ine ndiyesa kuti nzeru yonse ya zimene zinatsatira inagona pamenepa. Kampani yake inaphatikizidwa ndi makampani ena mu 1911, ndipo mu 1924 gululo linatchedwa IBM.

Pulogalamu ya VisiCalc, imene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa mu 1979 pa kompyuta ya Apple II, inadabwitsa anthu chifukwa nambala imodzi ikasintha, zowonkhetsa zonse zinkasintha zokha. Koma maonekedwe a tebulo anakhalabe monga anawayalira mwini wake. Anali Pito Salas ndi anzake ku kampani ya Lotus amene analekanitsa manambala ndi kayalidwe kake mu pulogalamu ya Improv, yotuluka mu 1991 pa kompyuta ya NeXT, kotero kuti munthu ankangokoka dzina la chigawo kapena la mwezi, tebulo n'kudziyala lokha. Improv sinakhalitse pamsika, ndipo amene anakolola m'mundamo ndi Microsoft, imene inaika nzeru yomweyo mu Excel 5 ndi dzina lakuti PivotTable. Mu 1993 E. F. Codd anafalitsa dzina la OLAP pa njira yosanjira manambala m'magulu okhala m'kati mwa magulu anzake, ndipo Excel 2010 inabweretsa mabatani osefera otchedwa slicer.

Pamenepo panabuka lamulo limene ogwiritsa ntchito mapulogalamu a Tableau ndi Power BI lero amaliona ngati lachibadwidwe, lakuti chosankha cha pamwamba chilamulire cha pansi: wosankha chigawo cha Texas aone mizinda ya Houston ndi Dallas, Chicago isaoneke konse, ndipo tebulo litsike kuchoka pa zigawo kufika pa mizinda popanda wina kulilembanso. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti si nambala iliyonse imene imalola kuwonkhetsedwa. Ndalama za masitolo zikaphatikizidwa zimapereka ndalama za mzinda. Koma wogula mmodzi amene analowa m'masitolo atatu sasanduka anthu atatu, ndipo avereji ya chigawo iyenera kuwerengedwanso kuchokera pansi, osati kutengedwa pa maavereji a mizinda yake.

Ndipo pali mlandu wina umene makina sanauweruzepo. Sitolo ikachotsedwa m'chigawo cha kumpoto n'kuikidwa m'cha pakati, kodi malonda ake a chaka chatha apite nayo, kapena atsale kumene anachitikira? Ralph Kimball, m'buku lake la 1996 la kasungidwe ka manambala a makampani, anafotokoza njira zonse ziwiri: kufafaniza chigawo chakale, kapena kusunga mzere wakale n'kuwonjezera watsopano. Kusankha pakati pa ziwirizi kunatsalira akuluakulu a kampani, amene kawirikawiri amakangana, popeza malipiro a oyang'anira zigawo amadalira manambala omwewo.