Kuika Windows Kapena Linux mu Kompyuta Kucokera pa Flashi

Operating system ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Ndiyo imalandira zimene munthu alemba pa kiyibodi, imasunga mafailo, ndiponso imapatsa mapulogalamu ena mpata wogwira nchito. Kompyuta yopanda pulogalamu imeneyi imayaka ndithu, koma palibe cimene mwini wace angacite nayo. Zodziwika kwambiri ndi Windows ya kampani ya Microsoft, macOS ya Apple, ndi Linux imene Linus Torvalds wa ku Finland anaiyambitsa mu 1991.

Kale pulogalamu yotere inali kubwera pa madisiki. Windows 95 inagulitsidwa pa madisiki ang'onoang'ono 13 komanso pa CD, ndipo pambuyo pace kunadza DVD. Masiku ano DVD wamba, imene imasunga 4.7GB, siingakwane Windows 11 cifukwa failo yace imapitirira 5GB. Kuonjezera apo, malaputopu ambiri atsopano alibe ngakhale polowetsera DVD. Ndiye cifukwa cace nchitoyi tsopano imacitika ndi flashi, kacipangizo ka USB kamene anthu amanyamulira nyimbo ndi makalata.

Nkhaniyi inakula pa 14 October, 2025, tsiku limene Microsoft inaleka kupereka cithandizo ca nthawi zonse kwa Windows 10. Makompyuta amene ali ndi Windows 10 sanaleke kugwira nchito, koma amene sanalembetsedwe pa ndondomeko yapadera yoonjezera nthawi salandiranso zotseka mipata imene mbala za pa intaneti zimalowerapo. Windows 11, imene inatuluka mu October 2021, ili ndi zofuna zace: RAM yosacepera 4GB, malo osungira zinthu okwana 64GB, ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0. Makompyuta ambiri ogwirapo kale nchito, amene ndiwo ana a sukulu ndi amalonda ang'onoang'ono amakwanitsa kugula, sakwaniritsa zonsezi. Eni ace afunika kusankha pakati pa kugula makina ena ndi kusamukira ku Linux.

Nchito isanayambe, pali cinthu cimodzi cimene ciposa zonse: kusunga mafailo kwina. Zinthu zimafafanizika pawiri. Coyamba, flashi yomwe ikonzedwa imapukutidwa yonse. Caciwiri, gawo la hard disk limene pulogalamu yatsopano iikidwapo nalo limapukutidwa. Zithunzi za ukwati, kaundula wa ngongole za makasitomala, ngakhale lipoti imene wophunzira walemba caka cathunthu, zonse zimapita m'kanthawi kocepa, ndipo kuzibweza n'kobvuta komanso kodya ndalama. Pulogalamu ikaonongeka imaikidwanso madzulo omwewo, koma cithunzi ca agogo amene anamwalira palibe kumene cingatengedwenso. Motero mafailo ayenera kukopedwa pa hard disk ina kapena pa intaneti, ndipo mwini wace atsegule angapo a iwo kuti aone ngati akopedwadi. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, nambala yace yotsegulira, ya manambala 48, ilembedwe pa pepala. Ndipo amene apereka kompyuta kwa wokonza anene momveka kuti muli zinthu zofunika, pakuti wokonza amene ali ndi makina khumi pa thebulo sangalote zimene zili mkati.

Cotsatira ndi kupeza failo ya pulogalamuyo, yochedwa ISO. Ya Windows imapezeka pa webusaiti ya Microsoft, ya Ubuntu pa webusaiti ya Ubuntu, ndipo zonse ziwiri zimatengedwa popanda kulipira, kupatulapo mtengo wa data, umene suli wocepa pa failo yaikulu cotere. Kusiyana kwace n'kwakuti Windows imafuna laisensi yogula, pamene Linux ndi yaulere. Ma ISO a Windows amene amayenda m'manja mwa anthu, onenedwa kuti safuna laisensi, nthawi zina amabwera ndi mavairasi obisika mkati.

Kungokopa failo ya ISO ndi kuiponya pa flashi sikuthandiza. Flashi ifunika kukonzedwa kuti kompyuta ithe kuyakira pa iyo. Microsoft ili ndi pulogalamu yace yochedwa Media Creation Tool, imene imatenga Windows pa intaneti ndi kukonza flashi nthawi imodzi. Palinso Rufus, imene Pete Batard anaitulutsa mu 2011, ndi balenaEtcher imene imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Ventoy, ya mu 2020, ili ndi njira ina: ikaikidwa pa flashi kamodzi, munthu amangoponyapo ma ISO angapo ndi kusankha imene afuna poyatsa. Flashi ikhale ya 8GB kapena kuposa. Pamsika pamapezeka maflashi acinyengo amene amaonetsa kukula kumene alibe, ndipo otere amalephera nchito ili pakati.

Rufus imafunsa ngati flashi ikonzedwe mwa GPT kapena MBR. Makompyuta a zaka zaposacedwa, amene amayakira pa UEFI, amayenda ndi GPT. Akale, a BIOS, amafuna MBR. Kulakwitsa apa ndi cimodzi mwa zifukwa zimene kompyuta imakanira kuona flashi. Rufus ingathenso kudumpha lamulo la TPM kuti Windows 11 ilowe m'makina akale, koma Microsoft inacenjeza kuti siilonjeza kutumiza zokonza ku makina otere.

Flashi ikakonzeka, imalowetsedwa kompyuta ili yozima. Poyatsa, munthu amadina batani lobweretsa mndandanda wa zipangizo zoyakirapo. Pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi F9, ndipo pa malaputopu a Asus ndi Esc. Mpata wodina ndi wa masekondi ocepa cabe, kotero wocedwa amazimanso ndi kuyambiranso. Akasankha flashi, pulogalamu imafunsa cinenero, nthawi ndi mtundu wa kiyibodi.

Pamalo pamene pafunika maso ndi posankha disiki. Sikirini imaonetsa magawo onse a hard disk, ndipo maina ozolowereka monga C: ndi D: saoneka. Munthu amaona manambala ndi kukula kwa gawo lililonse basi. Amene anasunga mafailo pa D: poganiza kuti ali pabwino angawataye podina kamodzi pa gawo lolakwika. Njira yabwino ndi kulemba pa pepala kukula kwa gawo lililonse Windows yakale isanazimidwe, ndi kucotsa ma hard disk ena onse olumikizidwa kunja. Ofuna Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi amayamba ndi Windows, popeza Ubuntu imatha kuzindikira Windows ndi kudzipatulira malo pambali pace.

Magetsi nawo ndi nkhani. Muno m'Zambia, mu 2024, cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Kompyuta ikazima pulogalamu ili kulembedwa pa disiki, yakale imakhala itapita ndipo yatsopano isanathe, kotero nchito imayambiranso. Laputopu ikhale ndi batiri yodzaza ndiponso yolumikizidwa ku magetsi. Kompyuta ya pa thebulo ifunika UPS kapena inverter. Nthawi imene nchitoyi imatenga imadalira makina: a SSD amathamanga, a hard disk yakale amacedwa.

Mafailo akatha kukopedwa, kompyuta imadziyatsanso yokha. Ngati ibwerera pa funso loyamba la cinenero, ndiye kuti yayakiranso pa flashi, ndipo mankhwala ace ndi kungoicotsa. Windows 11 Home imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft pomaliza. Kompyuta imene inali kale ndi laisensi yeniyeni imazindikirika yokha ikalowa pa intaneti, malinga mtundu wa Windows ukhale womwewo, Home pa Home, Pro pa Pro. Ngati Wi-Fi kapena mau sizigwira, madraiva amapezeka pa webusaiti ya kampani imene inapanga kompyutayo.

Kwa makina amene Windows 11 yawakana, Linux ndiyo njira yosafuna ndalama. Ubuntu inatuluka koyamba mu October 2004 kucokera ku kampani ya Canonical, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaikhazikitsa. Ubuntu 24.04 LTS, ya mu April 2024, ili ndi cithandizo ca zaka 5. Makina ofooka amayenda bwino ndi Lubuntu kapena Linux Mint Xfce. Linux Mint imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula makalata a Word ndi Excel, ngakhale kuti mapulogalamu ena monga Adobe Photoshop alibe mtundu wa Linux.

Flashi ya Ubuntu kapena Linux Mint imalolanso munthu kuyesa pulogalamuyo osaiika pa disiki, kuti aone ngati Wi-Fi, mau ndi printa zikugwira. Amisiri amagwiritsa nchito njira yomweyi pa kompyuta imene Windows yace yakana kuyaka: amayatsira pa flashi, nakopa mafailo a mwini wace pa disiki ina, ndipo akatero m'pamene amapukuta.