Bank (liwu la Chingerezi)

Bank ndi liwu la Chingerezi lomwe lili ndi matanthauzo angapo osiyana kwambiri. Anthu ambiri amalidziwa ngati dzina la malo osungitsako ndalama, koma liwu lomweli limatanthauzanso gombe la mtsinje, mulu wa dothi kapena mchenga, mzere wa zinthu zofanana, komanso nkhokwe ya zinthu monga magazi ndi mbewu. Limagwira ntchito ngati dzina komanso ngati mneni. Chifukwa cha ichi, mabuku a maphunziro a zinenero amakonda kulipereka ngati chitsanzo cha mawu olembedwa ndi kutchulidwa mofanana koma osiyana matanthauzo. M'Chichewa liwuli lidalowa ngati "banki", ndipo lidabwera makamaka ndi tanthauzo la ndalama.

Katchulidwe

Liwuli ndi la phatikizo limodzi. Chilembo cha n chomwe chili pakati chimamveka ngati ng' wa m'mawu oti ng'ombe. Kuchulukitsa kwake ndi "banks". Likakhala mneni limasintha kukhala "banked" pa nthawi yakale ndi "banking" pa zomwe zikuchitika. M'Chichewa muli mawu onga "mtengo", omwe amatanthauza chomera komanso ndalama yogulira chinthu, koma awiriwa amasiyana pa kakwezedwe ka liwu. Bank alibe kusiyana kotero: wa ndalama ndi wa mtsinje amamveka chimodzimodzi, choncho tanthauzo limadziwika ndi mawu ena omwe ali m'chiganizomo.

Chiyambi cha liwuli

Mabuku otanthauzira mawu amaonetsa kuti bank ndi mawu atatu omwe adalowa m'Chingerezi pa nthawi zosiyana komanso kudzera m'zinenero zosiyana. Onse atatu amachokera ku tsinde limodzi lakale la zinenero za Chijeremani, lomwenso lidabala liwu loti "bench", kapena kuti benchi.

Loyamba ndi bank wa gombe ndi malo otsetsereka. Lidayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1200, ndipo lidachokera ku chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia, omwe adakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England zaka mazana angapo m'mbuyomo.

Lachiwiri ndi bank wa mzere wa zinthu. Ili lidachokera ku liwu la Chifalansa chakale loti "banc", lomwe limatanthauza benchi, kuphatikizapo benchi yomwe pankakhala anthu opalasa ngalawa.

Lachitatu ndi bank wa ndalama, lomwe lidafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 kuchokera ku liwu la Chitaliyana loti "banca", kudzera ku Chifalansa "banque". M'mizinda ya ku Italy monga Florence, Venice ndi Genoa, osintha ndalama ankagwira ntchito yawo pa benchi kapena tebulo pamsika, ndipo dzina la tebulolo lidasanduka dzina la ntchito yonseyo. Liwu loti "bankrupt", lonena za munthu kapena kampani yomwe yalephera kubweza ngongole zake, lidachokeranso ku Chitaliyana "banca rotta", kutanthauza benchi yothyoka.

Bank wa ndalama

Ili ndi tanthauzo lomwe limamveka kwambiri masiku ano. Bank ndi bungwe lomwe limasunga ndalama za anthu, kubwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja ndi kuthandiza potumiza ndalama. Liwuli limanena za bungwelo komanso nyumba yomwe bungwelo limagwiriramo ntchito. Banki ya banja la Medici idakhazikitsidwa ku Florence mu 1397, ndipo Monte dei Paschi di Siena, yomwe chiyambi chake ndi chaka cha 1472, ikugwirabe ntchito mpaka pano. Bank of England idayamba mu 1694. World Bank idabadwa kuchokera ku msonkhano wa ku Bretton Woods, ku United States, mu 1944.

Tanthauzoli lidabala mawu ambiri, monga "banker", munthu woyendetsa banki. "Banknote", ndalama yapepala. "Bank account", akaunti ya kubanki. Ndi "central bank", banki yaikulu ya dziko yomwe imatulutsa ndalama ndi kuyang'anira mabanki ena. Ku Britain tsiku la tchuthi cha dziko lonse limatchedwa "bank holiday". Dzinali lidakhazikika ndi lamulo la mu 1871 lomwe adalibweretsa m'nyumba ya malamulo ndi John Lubbock, ndipo poyamba linkanena za masiku omwe mabanki ankatseka. Pa masewera ena, monga Monopoly, bank ndi ndalama zomwe zimasungidwa pakati, zomwe osewera amalandirako kapena kulipirako.

Bank wa mtsinje ndi mtunda

Pa maphunziro a jogalafe, bank ndi gombe, malo omwe mtunda umakumana ndi madzi a mtsinje. Mtsinje uliwonse uli ndi "left bank" ndi "right bank". Kuti adziwe lamanzere ndi lamanja, munthu amayang'ana komwe madzi akulowera, osati komwe akuchokera. Mayina ena a malo adachokera pa tanthauzoli. West Bank ndi dera lomwe lili kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan. Left Bank ndi mbali ya mzinda wa Paris yomwe ili kumwera kwa mtsinje wa Seine, ndipo South Bank ndi dera la London kumwera kwa mtsinje wa Thames. Ku Malawi, dera la maboma a Chikwawa ndi Nsanje lomwe lili kum'mawa kwa mtsinje wa Shire limadziwika kuti East Bank. Popeza Shire amalowera kumwera, tsidya limeneli ndi lamanzere.

Bank amatanthauzanso malo osaya a m'nyanja pomwe pansi padakwera. Dogger Bank ku North Sea ndi Grand Banks pafupi ndi Newfoundland ku Canada ndi malo otere, ndipo adatchuka chifukwa cha usodzi. Mulu wa mchenga pakati pa mtsinje umatchedwa "sandbank". Chinthu china chilichonse chounjikana ngati mulu chingathenso kutchulidwa motero, mwachitsanzo "a bank of clouds", mitambo yowirirana m'chizimezime, kapena "a bank of fog", nkhungu yochindikala.

Dzina la banja loti Banks lidayambira pano, chifukwa linkapatsidwa kwa munthu wokhala pafupi ndi gombe kapena chitunda. Ena odziwika ndi dzinali ndi Joseph Banks, katswiri wa zomera yemwe adayenda ulendo wa panyanja ndi James Cook kuyambira mu 1768, ndi Gordon Banks, goloboyi wa timu ya England yomwe idatenga chikho cha dziko lonse mu 1966.

Bank wa mzere

Ngalawa zankhondo za Agiriki akale zotchedwa "trireme" zinali ndi mizere itatu ya nkhafi mbali iliyonse, ndipo mzere uliwonse pa Chingerezi ndi "a bank of oars". Masiku ano tanthauzoli limanena za zipangizo zofanana zomwe zandandalikidwa pamodzi, monga "a bank of switches" kapena "a bank of computers".

Bank wa nkhokwe

Kuchokera pa ganizo losunga ndalama kuti zidzagwire ntchito m'tsogolo, liwuli lidayamba kunenanso za malo osungira zinthu zina. Dokotala Bernard Fantus ndiye adayambitsa dzina loti "blood bank" mu 1937, pomwe adatsegula nkhokwe ya magazi pa chipatala cha Cook County ku Chicago. "Food bank" yoyamba, yosonkhanitsa chakudya chopatsa osowa, adaiyambitsa ndi John van Hengel ku Phoenix, Arizona, mu 1967. "Seed bank" ndi nkhokwe ya mbewu, "data bank" ndi nkhokwe ya uthenga wa pakompyuta, ndipo "power bank" ndi kachipangizo kosunga moto wotchajira foni.

Bank ngati mneni

Likakhala mneni, liwuli limatsata matanthauzo omwewo. "To bank money" ndi kukaika ndalama kubanki, ndipo "to bank with" ndi kukhala ndi akaunti ku banki inayake. "To bank on" ndi kudalira munthu kapena chinthu, moti chiganizo choti "The farmers are banking on good rains" chikutanthauza kuti alimi akudalira kuti mvula igwa bwino, ndipo sichikukamba za ndalama. Ndege ikamakhota imapendekeka, phiko lina m'mwamba lina m'munsi, ndipo kupendekekako kumatchedwa "banking". "To bank a fire" ndi kukwirira moto ndi phulusa kuti uziyaka pang'onopang'ono osazima.

Zining'a

"To break the bank" ndi kudula koposa zomwe munthu angakwanitse, ndipo kawirikawiri amanena mokana: "It won't break the bank", kutanthauza kuti mtengo wake ndi wofikirika. "To laugh all the way to the bank" ndi kupeza ndalama zambiri mosavuta, makamaka pa chinthu chomwe ena ankachinyoza. "The river burst its banks" ndi mawu omwe amamveka pa nkhani za kusefukira kwa madzi, ndipo tanthauzo lake ndi loti mtsinje wasefukira.

Kuzindikira tanthauzo loyenera

Ophunzira ndi omasulira amalakwitsa akangotenga tanthauzo loyamba lomwe akulidziwa. Chiganizo choti "She went to the bank" pachokha sichionetsa ngati mayiyo adapita kokatapa ndalama kapena kumtsinje. Mawu oyandikana nawo ndiwo amathandiza: "loan", "account" ndi "interest" amaloza ku ndalama, pomwe "river", "flood" ndi "steep" amaloza ku gombe. Mperekezi nayenso amathandiza, popeza nthawi zambiri ndalama zimakhala "in the bank", koma msodzi amakhala "on the bank". Vuto lomweli limakumananso ndi mapulogalamu a kompyuta omasulira zinenero, ndipo akatswiri amakonda kuwayesa ndi liwu limeneli.

M'zinenero zina

M'Chijeremani "Bank" amatanthauza benchi komanso banki, koma kuchulukitsa kwake ndi kosiyana: "Bänke" ndi mabenchi, "Banken" ndi mabanki. M'Chipwitikizi, chomwe chimayankhulidwa ku Mozambique, "banco" alinso ndi matanthauzo awiri omwewa. M'Chiswahili liwuli lidakhala "benki".

M'Chichewa lidaonjezedwa i kumapeto chifukwa mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo kuchulukitsa kwake ndi "mabanki". Reserve Bank of Malawi, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 1965, imatchedwa banki yaikulu. Liwuli lidabalanso dzina latsopano loti "banki m'khonde", lonena za magulu a anthu omwe amasonkha ndalama, kubwereketsana ndi kugawana phindu pakutha pa nyengo yomwe adagwirizana. Matanthauzo ena a bank sadabwerekedwe, chifukwa Chichewa chinali kale ndi mawu ake monga gombe, tsidya, chitunda, mzere ndi nkhokwe.