Njira ya ku Kachebere: Olowa Ambiri, Otsiriza Owerengeka

Munthu wocoka ku Chipata, kaya akhala ku Nabvutika kaya ku Kapata, akalunjika kum'mawa ndi mseu wa ku Lilongwe naoloka malire pa Mwami, alowa m'dziko la Mchinji, limene pa masiku a Atsamunda linali Fort Manning. Komweko, pafupi ndithu ndi malire, m'tsinde mwa phiri, pali Kachebere. Ansembe a cipani ca White Fathers, amene anthu amati Abambo Oyera cifukwa ca mikanjo yao, anamanga mishoni pamalopo m'caka ca 1903, patangopita zaka 5 Azungu atagonjetsa Angoni a Mpezeni. M'caka ca 1939 panatsegulidwa seminale yaikulu, ndiyo sukulu yophunzitsa anyamata ofuna unsembe wa Mpingo wa Aroma. Pa zaka zoposa 30 anyamata a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland anali kudya m'mbale imodzi pamenepo.

Sukulu zina zimanyadira kuculuka kwa ana amene zatulutsa ndi masatifiketi. Seminale sinali yotero. Akulu ace anadziwiratu kuti mwa anyamata oyamba ulendowo ambiri adzapatuka pa njira, ndipo sanaciyese camanyazi. Nanga cinali kuwabweza nciani, ndipo obwererawo anathera kuti?

Nkhani iyamba ku Roma. Papa Benedict XV m'caka ca 1919, ndi Papa Pius XI m'caka ca 1926, analembera amishoni onse makalata owauza kuti mpingo wopanda ansembe a eni dziko uli ngati mtengo wopanda mizu. Abambo Oyera anali ataiyesa kale nchito imeneyi ku Uganda, ndipo anadziwa kulemera kwace. Seminale yao ya kumeneko inayamba mu 1893, koma ansembe oyamba, Basil Lumu ndi Victor Mukasa, anadzozedwa mu 1913. Zaka 20 za kuphunzitsa zinabala anthu awiri. Ku Nyasaland, seminale yaikulu isanakhaleko, anyamata anali kutumizidwa kutali ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora m'dziko la Tanganyika, kumene ankakhala zaka osaona mai wao. Cornelio Chitsulo wa ku Mua anapirira ulendo umenewo, nadzozedwa mu 1937, wansembe woyamba wa dziko lace. Caka comweco Roma anapatula dera la Fort Jameson kuti likhale ndi mtsogoleri wacewace. Tsono kunaoneka kuti kutumiza ana ku Tanganyika nkutaya nthawi ndi ndalama, ndipo Kachebere, pokhala pakati pa maiko awiri, inasankhidwa.

Koma Kachebere inali nsonga ya makwerero, ndipo makwererowo anali atali. Mnyamata anali kuyamba pa sukulu yokonzekera, monga ya St Mary's kufupi ndi Fort Jameson. Akapambana pamenepo anali kupita ku seminale yaing'ono ya Kasina m'dziko la Dedza. Pambuyo pace ndipo anali kulowa pa Kachebere, kuphunzira poyamba filosofi, ndiyo nzeru ya kaganizidwe, kenaka za Mulungu. Ndipo asanadzozedwe anali kumtuma ku mishoni yina kuti ansembe a kumeneko aone makhalidwe ace. Kutalika kwa njirayo kuoneka bwino pa moyo wa Emmanuel Milingo wa kwa Mnukwa. Iye anabadwa mu 1930, nakhala mbusa wa ng'ombe kufikira zaka 12. Analowa sukulu mu 1942 wosadziwa kuwerenga, napyola St Mary's, Kasina ndi Kachebere, nadzozedwa mu 1958. Ndizo zaka 16. Mnzace wa kubusa amene anapita ku Wankie kapena ku Salisbury, pofika 1958 anali ndi mkazi, ana, njinga, kapenanso makina osokera.

Copinga coyamba cinali Cilatini. Misa inali ya m'Cilatini, mabuku a filosofi ndi a za Mulungu anali a m'Cilatini. Mwana wa ku mudzi wolankhula Cinsenga kapena Cicewa anayenera kugwira Cingerezi coyamba, ndipo ali cigwirire Cingerezico amsenzetsenso cinenero cimene panalibe mtundu wa anthu wocilankhula pa moto. Ambiri anagwa pamenepa, osati cifukwa ca kucepa kwa cikhulupiriro, koma cifukwa ca galamala.

Caciwiri cinali ndalama, ndipo omvera a ku migodi acidziwa bwino. Dziko la Fort Jameson linali nkhokwe ya anchito. Msonkho unali kufunika caka ndi caka, minda yabwino inali m'manja mwa Azungu a fodya, ndipo amuna anali kutha m'midzi kunka ku Walale, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa. Banja likakhala ndi mwana mmodzi wodziwa Cingerezi ndi masamu, maso onse anali pa iye: ndiye adzalipirira atate wace msonkho, ndiye adzagulira alongo ace nsaru ndi mabulangete. Wansembe analibe malipiro otumiza kwao. Motero pa nthawi ya kupuma, mnyamata akafika ku mudzi, amalume ace anali kumkhazika pansi namfunsa kuti, kodi sukulu yako yosathayi idzatidyetsa liti? Funso lotere silinali la anthu oipa mtima. Linali la anthu osauka amene anaona mnzace wa mwana wao atavala kale yunifomu ya ukalaliki.

Koma cacikulu koposa zonse cinali ukwati. Wansembe wa Aroma sakwatira, ndipo cinthu ici cinali cacilendo kwa Angoni ndi Acewa omwe. Kwa Angoni mwana wamwamuna ndiye asunga ciwongo ca atate wace ndi khola lao. Akafa wopanda mwana, dzina lazima. Kwa Acewa mwamuna ndiye mwini mbumba, nkhoswe ya alongo ace, woweruza milandu ya ana ao. Munthu wosakwatira, ngakhale atamera imvi, anali kumyesabe mwana pa bwalo, ndipo akazi a m'mudzi sanali kusowa mau omunenera. Mnyamata wa zaka 14 angathe kubvomera zonsezi mosabvuta, pakuti sadziwa cimene akukana. Wa zaka 24 adziwa. Cifukwa cace ena anacoka atakwera kale pamwamba, atatsala pang'ono kulonjeza lonjezo losabwezeka. Ndipo kunena zoona, amene anacoka pa nthawi imeneyo anacita cilungamo kwa iwo eni ndi kwa mpingo womwe.

Si onse anacoka mwa kufuna kwao. Ena anabwezedwa ndi matenda. Ena anauzidwa ndi mkulu wa seminale kuti alibe maitanidwe, ndipo mau amenewo analibe apilo. Ansembe Acizungu anali ndi mantha amodzi: kuti wansembe wa Ciafirika mmodzi akacimwa poyera, adani a nchitoyo, Azungu ndi Aafirika omwe, adzati taonani, tinanena kuti anthu awa sangathe. Mantha amenewa anali ndi cifukwa cace, koma anakhwimitsa malamulo kopyola muyeso. Mnyamata wofunsa mafunso ambiri anali kuyesedwa wonyada, ndipo wongokhala cete anali kuyesedwa wodzicepetsa. Lichero lotere likhoza kutaya maso a cimanga pamodzi ndi gaga.

A mishoni ya Dachi, amene anafika pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, anatsata njira yina. Iwo sanali kutenga ana. Anali kudikira munthu akhale mphunzitsi kapena mlaliki zaka zambiri, akhale ndi banja lodziwika bwino, ndipo pamenepo ndipo anali kumuitana ku maphunziro a ubusa. Kupeta kwao kunali pakhomo, osati m'kati mwa nyumba. Koma iwonso sanafulumire: mbusa wao woyamba, Justo Mwale, wophunzira ku Nkhoma, anadzozedwa mu 1929, patapita zaka 30 ciyambire Magwero, ndipo sukulu ya abusa ya pa Madzimoyo inayamba mu 1951.

Tsono obwerera aja a ku Kasina ndi ku Kachebere anathera kuti? Kufika kwao ku mudzi kunali kowawa. Amene dzulo anthu anali kumpatsa mpando, lero anali kumloza cala kuti uyo walephera. Cilatini cace sicinali kufunsidwa pa ofesi ya Bwana D.C. kapena pa cipata ca mgodi. Komabe anatuluka ndi zinthu zimene zinali zosowa m'dziko masiku amenewo: Cingerezi cabwino, dzanja lokongola polemba, cizolowezi ca kusunga nthawi, ndi mutu wozolowera kutsutsana mwa dongosolo. Sukulu za sekondale zinali zowerengeka. Munali wa ku Lusaka anayamba mu 1939, caka cimodzimodzi ndi seminale ya Kachebere. Motero anthu amenewa anakhala aphunzitsi, makalaliki, omasulira m'makhoti ndi akulu a mipingo m'makomboni. Ku Congo kuli citsanzo codziwika. Joseph Kasa-Vubu anaphunzira filosofi pa seminale yaikulu ya Kabwe, wa ku Kasai osati Kabwe wa m'Zambia, ndipo mu 1939 akulu ace anambweza kuti sayenera unsembe. Anakhala mphunzitsi, kenaka kalaliki wa Boma, ndipo mu 1960 anakhala Pulezidenti woyamba wa dziko lace. M'kaundula wa seminale iye ali m'gulu la osatsiriza.

Otsiriza, ngakhale anali owerengeka, anasenza katundu wolemera msanga, pakuti ufulu wa 1964 unapeza mpingo uli ndi ansembe a eni dziko ocepa. Chitsulo anasankhidwa kukhala bishopu wa ku Dedza mu 1956. Patrick Kalilombe, wopyola Kasina ndi Kachebere, anadzozedwa mu 1958, nabwerera pa Kachebere pomwepo kudzaphunzitsa ndi kuitsogolera, nakhala bishopu wa Lilongwe mu 1972. Milingo anakhala Arkibishopu wa Lusaka mu 1969, atatumikira unsembe zaka 11 zokha. Za pambuyo pace zidziwika: anacoka ku Lusaka, anakwatira mu 2001, ndipo mu 2009 Roma anamcotsa pa unsembe. Nkhani ya ukwati imene inabweza anzace ali anyamata inampeza iye ali ndi zaka 70. Medardo Mazombwe, mwana wa dziko lomweli la Chipata, anadzozedwa pa 4 September 1960. Bishopu Firmin Courtemanche wa ku Canada atatula udindo, Mazombwe ndiye analowa m'malo mwace pa Chipata mu 1971, patapita zaka 68 cimangire mishoni ya Kachebere; ndipo mu 2010 anakhala Kadinala woyamba wobadwira m'Zambia.

Msonkhano waukulu wa mabishopu ku Vatican, wa 1962 kufikira 1965, unatsegula khomo kuti Misa izinenedwa m'zinenero za anthu, ndipo Cilatini cinaleka kukhala mlonda wa pa cipata. Pambuyo pace njira ya maiko awiri inagawikana. Mabishopu a m'Zambia anatsegula seminale yao pa Mpima, kufupi ndi Kabwe, mu 1973. A ku Malawi anatsegula St Peter's ku Zomba mu 1977, nasamutsira kumeneko maphunziro a za Mulungu, ndipo Kachebere inatsala ndi filosofi.