Ntchito ikatha, umadya chiyani? Mbiri yaifupi ya kuchigwa kwathu kuno

Anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mwina munamvapo achibale okhala ku Joni akunena za UIF. Kumeneko wantchito amadulidwa 1% ya malipiro ake mwezi ndi mwezi, bwana wake amaikaponso 1%, ndiye ntchito ikatha munthu amakalembetsa n'kumalandira kangachepe pomwe akusaka ina. Kuno ku Malawi thumba lotere kulibe, ndipo silinakhalepo. Nanga makolo athu ankapulumuka bwanji ntchito ikawathera?

Afunseni agogo za Wenela. Amuna ambiri a m'dziko muno ankapita kukakumba golide ku South Africa pa kontirakiti, ndipo gawo la malipiro awo ankadzalandira atabwerera kumudzi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Kulembako kunayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA, koma kunatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a HIV. Obwerera kwawo analibe ofesi yoti akalembetse monga anthu osowa ntchito. Chomwe chinawalandira ndi khasu, dimba la m'mbali mwa Shire, ukonde ku Elephant Marsh ndi abale. Ena mpaka lero akulondolabe ndalama zawo za kumigodi, ndipo amene anataya mapepala ndi omwe amavutika kwambiri.

Kwathu kuno ntchito yolembedwa inkapezeka pa njanji, ku thonje ndi ku nzimbe. Sitima inayamba kuyenda pakati pa Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Madzi atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, maganyu ndi timabizinesi ta m'masiteshoni a kumunsi tinazilala. Ku Nchalo, SUCOMA inayamba kupanga shuga mu 1966, ndipo Illovo inagula kampaniyi mu 1997. Ntchito zambiri za kumunda wa nzimbe n'za nyengo: kudula kukatha, umabwerera kunyumba kukadikira chaka chamawa.

Boma litayamba kuthandiza, linayang'ana umphawi osati kutha kwa ntchito. MASAF, yomwe inayamba pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi ndalama za World Bank, inkalipira anthu polambula misewu ndi ntchito zina zachitukuko. Mtukula Pakhomo inayambira ku Mchinji mu 2006, koma ndi ya mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Iweyo mnyamata wamphamvu zako, ukachotsedwa ntchito, dzina lako silingalowemo chifukwa cha zimenezo ayi.

Chomwe wantchito ali nacho ndi malamulo awiri. Loyamba ndi Employment Act ya mu 2000, yomwe inakonzedwanso mu 2010. Limati ukachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, kapena wachotsedwa mopanda chilungamo, uyenera kulandira ndalama za severance ngati unagwira chaka chathunthu kapena kuposa. Mawerengedwe ake: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka chilichonse kupitirira pamenepo. Ndiye ngati umalandira K40,000 pa sabata ndipo wagwira zaka 3, ako ndi K240,000. Ukasiya wekha ntchito kapena kuchotsedwa chifukwa cholakwa, zimenezi palibe.

Lachiwiri ndi la penshoni la mu 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. Linakakamiza olemba ntchito kuika 10% ya malipiro a wantchito ku thumba la penshoni, wantchitoyo n'kuikapo 5%. Ndalamazi n'zako ngakhale usinthe ntchito, ndipo amene amayang'anira makampani osunga penshoni ndi a Reserve Bank of Malawi.

Vuto n'lakuti ambiri a ife tili pa ganyu, kabaza kapena m'shopu ya munthu, komwe mgwirizano umangokhala wapakamwa. Zikavuta, mboni yako ndani? Choncho ukapeza ntchito, pempha kalata yolembedwera ntchito. Sunga mapepala a malipiro, uwajambulenso pa foni, poti kuno madzi osefukira sasankha chokokolola. Funsa dzina la kampani yosunga penshoni yako ndi nambala yako, uziona ngati ndalama zikulowadi. Akakuchotsa, pempha kalata yonena chifukwa chake, ndipo ngati sukukhutira pita msanga ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, osadikira miyezi kuti idutse. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Industrial Relations Court.

Ngati pakhomo panu pali agogo omwe anagwirapo ku Theba, ku njanji kapena ku SUCOMA, khalani nawo pansi muwafunse kuti tsiku lomwe ntchito inatha anapatsidwa chiyani. Mutilembere mu makomenti, tidzakambirane pa msonkhano wa kalabu.