Kuchokera ku Shiraz Kufika ku Chilinde: Mbiri ya Luso la Manja

M'nyumba zambiri za ku Chilinde, Kawale ndi Area 23 mumapezeka zoyala pansi zamitundu itatu. Pabalaza pamakhala kapeti yofiirira, ya duwa lalikulu pakati ndi timaluwa toyangayanga m'mphepete. Kuseri kwa chitseko kumaimikidwa mkeka wa mlaza, wodikira alendo akachuluka kuposa mipando. Panja pamakhala mphasa ya bango yoyanikapo ufa. Kapetiyo ndi ya pamakina, ulusi wake ndi wa pulasitiki, ndipo kawirikawiri imachokera ku China kapena ku Turkey, koma maluwa akewo kwawo ndi ku Persia, dziko lomwe lero timalitcha Iran. Eni nyumba amanyadira kapeti. Mkeka ndi mphasa saziwerengera, chonsecho pa zitatuzi ndi ziwiri zokhazi zomwe zinatuluka m'manja mwa munthu.

Anthu a ku Persia anayamba kalekale kuluka makapeti. Yakale kwambiri yomwe ilipo mpaka lero inafukulidwa mu 1949 ku Pazyryk, m'mapiri a Altai ku Siberia, m'manda momwe madzi oundana anaisunga zaka pafupifupi 2,400, ndipo akatswiri ambiri amaona zithunzi za akavalo ndi agwape zili pamenepo kuti n'zofanana ndi za ufumu wa Persia wa nthawiyo. Koma lusoli linafika pachimake mafumu a banja la Safavid atayamba kulamulira mu 1501. Kapeti ya Ardabil, yomwe ili ku Victoria and Albert Museum ku London, inamalizidwa cha m'ma 1539 mpaka 1540. M'litali ndi mamita oposa 10, m'lifupi oposa 5, ndipo ili ndi mfundo zoposa 25 miliyoni. Mfundo iliyonse ndi kachidutswa ka ubweya wa nkhosa wonyika mu utoto, komangidwa ndi zala pa ulusi wa silika, kenaka n'kudulidwa ndi kampeni. Chomwe chimandigwira mtima pa kapeti imeneyi si kukula kwake. Kumapeto kwake kunalukidwa chaka ndiponso dzina la mmisiri wamkulu, Maqsud wa ku Kashan. Patha zaka pafupifupi 500 ndipo tikumutchulabe.

Shah Abbas atasamutsira likulu lake ku Isfahan mu 1598, anasonkhanitsa amisiri amitundu yonse: oumba matailosi obiriwira a pa mizikiti, ogoba maluwa pa mkuwa, odinda nsalu ndi zidindo za mtengo, ndi omata tizidutswa ta fupa, mtengo ndi waya pa timabokosi, luso lomwe amalitcha khatam. Mzindawo utagwa m'manja mwa ankhondo a ku Afghanistan mu 1722, ntchito za kunyumba yachifumu zinazilala, koma m'midzi ndi pakati pa abusa oyendayenda amayi sanasiye kulukira mabanja awo. Ndi moto umenewo womwe amalonda a ku Tabriz anadzakoleza m'zaka za m'ma 1870 Azungu atayamba kufuna makapeti, mpaka kampani ya Ziegler ya ku Manchester inatsegula ofesi ku Sultanabad mu 1883.

Wina angaganize kuti zonsezi n'zakutali ndi ife. Ayi. Mbiri ya Kilwa, doko la m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania, imati ufumu wake unayambitsidwa ndi Ali bin al-Hasan wochokera ku Shiraz, ndipo mpaka lero ku Zanzibar kuli anthu odzitcha Ashirazi. Kilwa inkalemera ndi golide wochokera kumtunda kudzera ku Sofala, ndipo katundu wa kutsidya kwa nyanja ankakwera njira yomweyo. Ku mabwinja a Great Zimbabwe anafukulako mbale yonyezimira ya ku Persia pamodzi ndi zoumba za ku China. Kwathu kuno, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pomwe panali likulu la Amaravi, anapeza mikanda ya galasi yochokera ku Asia, zidutswa za mbale za ku China, zibangili za mkuwa ndi zizindikiro zoti anthu ankasema minyanga ya njovu pomwepo. Mikanda ya m'chiuno, yomwe timaiyesa chinthu chathuchathu, inalowa m'dziko muno pa malonda amenewa, ndipo amayi athu ndiwo anaipatsa tanthauzo lomwe ogulitsawo sanaliganizirepo.

Amalondawo sanapeze anthu amanja lende. Ku Nkope, m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, Keith Robinson anafukula m'zaka za m'ma 1960 mapale a miphika ya milomo yochindikala ndi mizere yozokota, yomwe inaumbidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo ndi alimi odziwanso kusungunula chitsulo. Kuumba inali ntchito ya amayi. Ankakatapa dothi kumtapo, kulisinja, kuliponda, n'kuumba ndi manja popanda chozungulitsa chilichonse, kusalaza ndi chitsononkho, kukulungiza ndi kamwala, kenaka kuwotcha pamoto wa nkhuni ndi makungwa. Chiwiya chilichonse chinali ndi ntchito yake: mtsuko wa madzi, nkhali ya nsima, mphika wa ndiwo, mbiya ya mowa. Woumba ankayenera kukhala wozizira, osalowa m'nyumba ndi mwamuna masiku a ntchitoyo, apo ayi miphika ing'aluka pamoto. Mwambo womwewo unkamanga amuna a kung'anjo.

Ng'anjo inkamangidwa ndi dothi la pachulu, yaitali kuposa munthu, ndipo inkakoka mpweya yokha kudzera m'timipope ta dothi tozungulira kunsi. Chitsulo chikatuluka chinkapita kuchipala, komwe wosula ndi mvukuto wake ankasula makasu, nkhwangwa, sompho ndi mikondo. Makasu a Amaravi ankagulidwa mpaka ku Tete ndi ku Sena. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anaona Amang'anja akupota thonje ndi kuwomba nsalu m'midzi, ena akuluka madengu, ena akusula. Ankalima thonje la mitundu iwiri, tonje kaja lakwawo ndi tonje manga lakunja, ndipo nsalu yawo ya machila inkayenda malonda m'chigwa chonse cha Zambezi. Komwe thonje silinkalimidwa, anthu ankafundula khungwa la mombo n'kulikhoma mpaka lifewe, kukhala chiwondo.

Maluso awiri aakuluwa, kuwomba nsalu ndi kusungunula chitsulo, anafa m'zaka zosakwana 100. Akulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka kanameta amisiri athu mpala. Amalonda achiyao ndi Aswahili a Jumbe wa ku Nkhotakota anabweretsa nsalu ya merikani yowombedwa pamakina ku America, yotchipa ndi yopepuka, ndipo nkhondo zogwira akapolo pamodzi ndi chilala cha 1862 mpaka 1863 zinabalalitsa midzi ya Amang'anja. African Lakes Company, ya Mandala ija, inakhazikitsidwa mu 1878, ndipo masitolo ake ndi a Amwenye anadzaza dziko ndi makasu ndi nsalu za ku fakitale. Msonkho wa nyumba womwe boma la atsamunda linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku minda ya Azungu, ku Salisbury ndi ku Joni. Mnyamata yemwe akanakhala pambali pa malume ake kuchipala anapita kutheba. Thonje linkalimidwabe, koma linkatuluka m'dziko lili m'mabelo n'kubwerako ngati nsalu yogula. Pofika zaka za m'ma 1930 ng'anjo zinali zitazima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri ofufuza Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery atafuna kuona m'mene ntchito yosungunula chitsulo inkachitikira, anachita kufunafuna nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu ndi za ku Phoka ku Rumphi, zomwe zinaiona paubwana, kuti ziyatsenso ng'anjo. Zotsalira za ng'anjo zakale zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu.

Apa mpomwe tinasiyana ndi Persia. Kumeneko msika wakunja unabwera kudzagula zomwe amisiri ankapanga. Kwathu unabwera kudzagulitsa zomwe amisiri ankapanga.

Amishoni anabweretsa maluso ena: ukalipentala, kuumba njerwa, kusoka. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi anthu akuno omwe anali asanamangepo nyumba yotero, motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndipo njerwa zake zokongoletsa zinaumbidwa pomwepo. Kusema nako kunasintha njira. Kale wosema ankasema mitondo, mipini, zipande, ng'oma, mabwato ndi nkhope za Gule Wamkulu, zonse za m'mudzi momwemo. Kenaka kunabwera ziboliboli za njovu ndi mvuu, ndi mipando ya matabwa awiri olowetsana, zopangira alendo. Ena amazinyoza kuti n'zosangalatsa Azungu chabe. Ine sindizinyoza, pakuti zaphunzitsa ana ambiri sukulu, ndipo Amalawi azigulitsa mpaka ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Koma ku Mua ndiko kunaoneka kuti wosema angathe kunena zakezake. Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wa ku Canada, anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976 pa mishoni yomwe inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo osema a kumeneko anayamba kuika pa mtengo nthano za Kaphirintiwa, chinamwali ndi nkhani za m'Baibulo zokhala ndi nkhope za anthu akuno. Ntchito zawo zinakafika mpaka ku Munich ku Germany, ndipo Chamare Museum imasunga nkhope za Gule mazanamazana. Dedza Pottery inatsegulidwa mu 1987 n'kubweretsa mbale ndi makapu onyezimira owotchedwa mu uvuni. Ku Bangwe, fakitale ya MACOHA inadzutsako kuwomba ndi manja, anthu osaona ndi olumala ena akuluka makapeti ndi nsalu zopachika pakhoma ndi thonje la m'dziko momwe muno.

Lilongwe itakhala likulu mu 1975, anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Dedza, Dowa, Ntcheu, Salima ndi kwina, ndipo luso la m'manja linabwera nawo n'kupeza zipangizo zatsopano. Mdzukulu wa wosula makasu lero ndi wokhoma ndowa pamsika wa Chilinde, yemwe amadula lata ndi sizasi yaikulu, kupinda mlomo pa chidutswa cha njanji, n'kutulutsa ndowa, keni yothirira dimba kapena mbaula ya makala. Wowotcherera zitsulo amapinda maluwa ndi mivi pa mageti ndi pa zotchinga mawindo, ndipo aliyense woyenda wapansi ku Area 23 kapena ku Area 25 angaone kuti zokongoletsa za mzinda uno zili pa mageti. Ku Mchesi akalipentala amagoba mitu ya mabedi ndi zitseko. Telala wa pakhonde amasandutsa chitenje kukhala diresi ya chinkhoswe. Oluka mipando ya nsungwi, ija akunja amaidziwa ndi dzina la dziko lathu, amaitumiza ku South Africa. Ngakhale amayi oumba, omwe mapoto a aluminiyamu ndi zigubu za pulasitiki zinawalanda msika, anapezako pothawira pa mbaula ya Chitetezo ndi miphika ya maluwa.

Maluso omwe ali ndi moyo weniweni ndi omwe Mmalawi mnzathu amagula ndi ndalama ya m'thumba mwake. Lichero silinagonjepo, chifukwa palibe fakitale yomwe yapanga chopetera choposa cha nsungwi. Mphasa ikufunikabe pamaliro, pachinamwali ndi pamtondo. Koma wogulitsa ziboliboli kunja kwa positi ofesi ya ku Old Town amadalira ndege, ndipo mu 2020 matenda a Covid-19 atatseka maulendo anakhala tsiku lonse osaona wogula. A ku Iran nawo anamva kuwawa komweku: America inaletsa makapeti awo mu 2010, n'kuwalola mu 2016, n'kuwaletsanso mu 2018, ndipo oluka ambiri anasiya ntchito. Chomwe chikuwasungabe n'chakuti munthu wa ku Iran amayala kapeti ya kwawo m'nyumba mwake, amaipereka paukwati, amaisiyira ana ngati chuma, ndipo amadziwa kusiyanitsa ya ku Kashan, ya ku Tabriz ndi ya Aqashqai, abusa oyendayenda a ku Fars. Mu 2010 UNESCO inalemba luso loluka la ku Kashan ndi la ku Fars pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse, momwe Gule Wamkulu analowa mu 2008. Ife mkeka timangouti mkeka. Sitifunsa ngati ndi wa ku Salima kapena wa ku Mangochi, sitifunsa dzina la woluka, ndipo timanenerera mtengo mpaka wogulitsa atsale ndi ya minibasi yokha. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa mayi amene wang'amba mlaza, kuunyika mu utoto, kuluka nkhata zazitali n'kuzisoka pamodzi wagwira ntchito ya masabata.

Vuto lina likubwera kuchokera kutchire. Phingo, mtengo wakuda womwe osema amaukonda, umakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo watha m'madera ambiri, moti ena amangopaka polishi ya nsapato pa mtengo woyera kuti uoneke ngati phingo. Kuyambira mu Januwale 2017 mitengo ya mtundu umenewu ili pansi pa malamulo a CITES oyang'anira malonda a zomera ndi nyama pakati pa mayiko. Mlombwa ndi mbawa nazo zikusowa, ndipo akalipentala ambiri atembenukira ku paini ndi bulugamu. Bango limafuna dambo, pomwe madambo a m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi asanduka madimba, maenje a njerwa ndi mapuloti. Wosoka mphasa tsopano amakatema bango kutali, n'kuyenda ndi mphasazo panjinga kubwera m'tauni, komwe amakumana ndi mikeka ya pulasitiki yopachikidwa pakhomo pa sitolo pa mtengo womwe iye sangaufikire.