Amene Ankatsogolera M'chigafa

Agogo anga aakazi anakhala zaka zambiri pa pulazi ya fodya ku Guruve, boma limene pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Sipolilo. Anapitako ndi amuna awo kuchokera ku Dedza, monga anachitira machona ambiri a ku Nyasaland. Ntchito yawo inali kusankha fodya m'chigafa. Tsamba likakayikitsa, amayi anzawo ankafunsa iwo. Malipiro akachedwa, iwo ndiwo ankatumidwa kukalankhula. Koma kapitawo anali mwamuna, ndipo m'buku la malipiro agogo ankalembedwa ngati waganyu.

Chifukwa chake ndinachimvetsa nditawerenga Blair Rutherford, wofufuza wa ku Canada. M'buku lake la 2001, Working on the Margins, lonena za mapulazi a ku Hurungwe m'chigawo cha Mashonaland West, anasonyeza kuti mwini pulazi ankalamulira antchito ngati bambo pakhomo pake. Ntchito yokhazikika, nyumba ya kukomboni ndi ukapitawo zinkapita kwa amuna. Mayi ankaonedwa ngati mkazi wa wantchito, woitanidwa pa nyengo yotanganidwa basi. Mu 2017 Rutherford anatulutsa Farm Labor Struggles in Zimbabwe, lofotokoza mkangano wa antchito pa pulazi ina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, momwe amayi anali patsogolo.

Kuyunivesite, ntchito yotere amaiyeza powerenga kuti ofufuza angati aitchula m'zolemba zawo. Google Scholar imasonkhanitsa chiwerengerocho, ndipo chimathandiza munthu kukwezedwa kapena kupeza ndalama za kafukufuku. Sindichinyoza. Kutchulana kumeneku n'kumene kwachititsa kuti nkhani ya antchito a m'mapulazi isafe, kuchoka pa lipoti la Lloyd Sachikonye la 2003 kufika pa buku la Zoë Groves la 2020 lonena za machona. Komabe chiwerengerocho chimangotiuza kuti ophunzira amvana okhaokha, m'Chingerezi. Sichitiuza ngati mayi wa kukomboni anamva zimene zinalembedwa za iye.

Pamene mabukuwa ankafalikira, moyo wa eni nkhaniwo unkasokonekera. Kuyambira mu 2000, mapulazi a azungu atayamba kulandidwa, antchito ambiri anataya ntchito ndi pokhala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a makolo ochokera ku Malawi ndi Mozambique akutchedwa alendo m'dziko limene anabadwiramo. Gertrude Hambira, amene anali mlembi wamkulu wa bungwe la antchitowa la GAPWUZ, anathawira ku South Africa mu 2010 bungwelo litatulutsa lipoti ndi kanema zosonyeza nkhanza zimene antchito ankachitiridwa.

Agogo anamwalira osadziwa kuti ulamuliro umene unawamana ukapitawo uli ndi dzina m'mabuku. Chaka chatha ndinakhala pakhonde ndi azakhali anga, amene anabadwira kukomboni komweko, n'kumawamasulira pakamwa masamba angapo a buku la 2001 lija. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Zoona, mwana wanga. Koma ulembenso kuti amayi akakana kulowa m'chigafa, fodya ankawonongeka, ndipo bwana ankadziwa zimenezo."

Mawu amenewo sadzawerengedwa pa chiwerengero cha wofufuza aliyense. Ndawalemba pano m'chinenero chimene anawanenera, kuti adzukulu a machona awapeze.