Nsanje Yovinitsa: Mawu Ofunika Pomvera Indie Rock

M'maukwati ndi m'mabala a ku Britain, nyimbo ya Mr. Brightside ikangoyamba anthu amadzuka n'kumaimba mokuwa ngati ya chikondwerero. Chonsecho mawu ake ndi a mnyamata amene nsanje yamudya mtima. Kuti timvetse mmene zinthu ziwirizi zimakhalira pamodzi, tiyenera kudziwa mawu amene oimba amagwiritsa ntchito.

Poyambirira, "indie" inali nyimbo yotulutsidwa ndi kampani yaing'ono yodziimira payokha. Gulu la The Killers la ku Las Vegas linatulutsa Mr. Brightside mu 2003 kudzera ku Lizard King Records, kampani yaing'ono ya ku Britain, ndipo inalowa m'chimbale cha Hot Fuss mu 2004. Ku America chimbalecho chinatuluka ndi kampani yaikulu ya Island, koma dzina la indie silinachoke. Pofika nthawiyo linali litayamba kutanthauza kamvekedwe: gitala wakuthwa, ng'oma zothamanga, ndi mawu olankhula za mumtima.

Chimene chimayamba kugwira khutu ndi "riff", kachidutswa ka gitala kobwerezabwereza komwe munthu amazindikirira nyimbo woimba asanatsegule pakamwa. Dave Keuning, woimba gitala wa gululi, anapeka ka nyimboyi pokhudza nsambo imodziimodzi m'malo mozikwapula zonse pamodzi, n'chifukwa chake kamamveka ngati kakunjenjemera. Liwiro, lomwe oimba amati "tempo", ndi lalikulu ndithu, ndipo silitsika.

Kenako pali vesi ndi kolasi. Pa vesi, Brandon Flowers, woimba wa gululi, amaimba pafupifupi pa liwu limodzi, mawu akutsatizana mopanda mpata wopumira. Akulongosola zimene akuona m'maganizo mwake: chibwenzi chake chili ndi mwamuna wina. Iye mwini anafotokozapo kuti analemba nyimboyi atapeza chibwenzi chake ndi wina m'bala ku Las Vegas. Kolasi ikafika liwu limatambasuka, ndipo mpamene khamu limalowerera.

Chodabwitsa n'chakuti vesi yachiwiri ndi yomweyo yoyamba ija. Nyimbo zambiri zimapititsa nkhani patsogolo pa vesi yachiwiri, koma iyi imabwerera pomwe inayambira. Umu ndi mmene nsanje imachitira: chithunzi chimodzimodzi chimabwera m'mutu kambirimbiri, ndipo mwiniwake sangachiletse.

Choncho pomvera nyimbo yamtunduwu, musalekanitse mawu ndi zoimbira. Funsani chimene gitala ndi ng'oma zikuchita pamene woimba akudandaula. Mu Mr. Brightside, kuthamanga kumene kumakuvinitsani ndi kusakhazikika kwa mtima wa woimbayo.